Mukalipira CCJ yakale ku England, chimasintha n'chiyani pa mbiri yanu ya ngongole?

Ndiyambe ndi yankho, poti ndi limene abale amalifuna akandiimbira atakanidwa nyumba ya lendi kapena foni ya kontrakiti. Kulipira CCJ yakale (County Court Judgment, chigamulo cha khothi pa ngongole) sikuifufuta. Imakhalabe pa dzina lanu mpaka patatha zaka 6 kuchokera tsiku limene khothi linagamula. Chimene chimasintha ndi liwu limodzi lolembedwa pambali pake. Pamene panali "unsatisfied" pamadzalembedwa "satisfied", ndipo aliyense woyang'ana amaona kuti ngongoleyo munaimaliza. Ena akangomva zimenezi amagwa ulesi, amvekere, "Nanga ndilipirirenji, achemwali?" Ine ndimati nthawi zambiri kulipira n'kwabwino, koma muzidziwa chimene ndalama yanuyo ikukagwira, ndipo musatumize ngakhale paundi imodzi musanaone tsiku la chigamulocho.

Zimene ndikulembazi ndi za ku England ndi Wales. Amene muli ku Scotland kapena Northern Ireland, makhothi anu ali ndi malamulo awo ndi mapepala awo, ndiye musatenge mafomu amene nditchule pano n'kukawagwiritsa ntchito kumeneko.

CCJ ndi chigamulo cha County Court chonena kuti muli ndi ngongole ndi munthu kapena kampani inayake. Si mlandu wa kupolisi, ndipo simupita nayo kundende. Chigamulocho chimalowa m'kaundula wotchedwa Register of Judgments, Orders and Fines, amene amasungidwa ndi bungwe la Registry Trust. Kaundulayu ndi wa aliyense: munthu wina aliyense akhoza kulipira mapaundi ochepa pa webusaiti yawo ya TrustOnline n'kufufuza dzina lanu. Makampani atatu osunga mbiri ya ngongole, Experian, Equifax ndi TransUnion, amatenga zimenezi n'kuziika pa credit report yanu, chikalata choonetsa mbiri yanu ya ngongole. N'chifukwa chake ejenti wa nyumba amaiona ngakhale kuti saona zonse zimene banki imaona.

Ambiri mwa ife sitinakalowepo m'khothi, koma CCJ tili nayo. Ife Amalawi obwera kuno timasamukasamuka. Chaka choyamba umakhala m'chipinda cha kwa mnzako, kenako m'nyumba imene abwana a ku care home anakupezera, kenako wapeza yako kutauni ina. Makalata amatsalira m'mbuyo. Mchimwene wina wa kutchalitchi kwathu anaimika galimoto pamalo oimikapo a kampani ina n'kupitirira nthawi. Laisensi anali atasintha kale adiresi, koma logbook ya galimoto, V5C ija, inali idakali pa nyumba yakale. Kampaniyo inatenga adiresi ku DVLA, ofesi ya boma yosunga kaundula wa magalimoto, inatumiza makalata onse kunyumba yakaleyo, kenako mapepala a khothi anapitanso komweko. Munthu amakhala ndi masiku 14 okha oti ayankhe mapepala a khothi. Masikuwo atadutsa popanda yankho, chigamulo chinatuluka, iye osadziwa kanthu, akungogwira mashifiti ausiku. Anadzazitulukira atapeza nyumba yoti akhalemo ndi mkazi wake amene anali atangofika kuchokera ku Blantyre, ejenti n'kumuuza kuti pa dzina lake pali CCJ ya mapaundi osakwana 300. Ndalama yochepa chonchi inamulepheretsa kulowa m'nyumba.

Poyamba pezani tsiku ndi nambala ya mlandu

Tengani credit report yanu kumakampani onse atatu, osati imodzi yokha. Lamulo limakupatsani ufulu woona report yanu kwaulere (amati statutory report), ndiye musalole kukokeredwa ku zolipira mwezi ndi mwezi. Mukamalemba adiresi, lembani zonse zimene munakhalako m'zaka 6 zapitazi, ngakhale kuchipinda kumene munangokhalako miyezi itatu, chifukwa CCJ imalembedwa pa adiresi imene mapepala anatumizidwa. Pa report mupeza tsiku la chigamulo, ndalama zake, dzina la khothi ndi nambala ya mlandu. CCJ zambiri za ngongole za makadi, mafoni ndi malo oimika galimoto zimadutsa ku Civil National Business Centre ku Northampton, ndiye musadabwe kuona dzina la tauni imene simunapondeko. Ngati simukudziwa amene anakusumirani, imbani kukhothiko, tchulani nambala ya mlandu, akuuzani dzina lake ndi la maloya ake.

Tsiku limenelo ndi limene likuuzeni chochita.

Ngati chigamulo sichinathe mwezi umodzi, ndipo simukutsutsa kuti ngongoleyo ndi yanu, thamangani. Mukalipira yonse mwezi usanathe kuchokera tsiku la chigamulo, CCJ imachotsedwa m'kaundula ndi pa credit report ngati kuti sinakhalepo. Apa pokha ndi pamene ndimauza munthu kuti aimitse kaye zotumiza kumudzi mwezi umenewo, kapena apemphe anzake a chipereganyu kuti alandire iye poyamba. Amayi akhoza kudikira masabata awiri, pamene zaka 6 za kukanidwa n'zambiri. Kumbukirani kuti mweziwo umawerengedwa kuchokera tsiku la chigamulo, osati tsiku limene inu munaona kalata, ndipo ndalama iyenera kukhala itafika kwa mwini wake tsikulo lisanadutse.

Koma nkhani yathu ndi ya CCJ yakale, imene mwezi wake unadutsa kalekale. Tiyerekeze kuti chigamulo chinatuluka pa 10 Marichi 2022. Chidzachoka chokha mu Marichi 2028, kaya mwalipira kaya simunalipire. Mukalipira lero, tsiku limenelo silisuntha. Silibwerera kufupi, komanso silikankhidwira kutsogolo. Ndikunenetsa zimenezi chifukwa pali mphekesera imene imayenda m'magulu athu a WhatsApp yoti ukangokhudza CCJ yakale zaka 6 zimayambiranso. Si zoona. Anthu amasokoneza ndi ngongole imene sinafike kukhothi, imene kulipirako pang'ono kapena kuivomera polemba kumayambitsanso nthawi imene mwini wake angakusumireni. CCJ inadutsa kale pamenepo. Tsiku lake linakhomedwa.

Muonanso kuti ngongole imodzimodziyo ikhoza kuoneka kawiri: default (chizindikiro choti munalephera kulipira) pa akaunti ya khadi kapena foni, ndi CCJ payokha. Default imachoka patatha zaka 6 kuchokera tsiku lake, ndipo poti imabwera khothi lisanalowererepo, nthawi zambiri ndi imene imayamba kuchoka.

Musanalipire, dzifunseni ngati ngongoleyo ndi yanudi

Apa ndi pamene anthu amafulumira, ndipo ndikupemphani mufatse. Ngati mapepala a khothi simunawalandire, ndipo muli ndi chifukwa chenicheni chotsutsira ngongoleyo, mukhoza kupempha khothi kuti lithetse chigamulocho. Amati set aside, ndipo fomu yake ndi N244. Woweruza akavomera, CCJ imachoka m'kaundula yonse. Njira imeneyi ndi yokhayo yofufutira CCJ yakale zaka 6 zisanakwane.

Si njira yophweka. Malipiro ake amapitirira £300, ngakhale kuti amene amalandira zochepa akhoza kupempha kuchepetseredwa kudzera pa fomu ya EX160. Kungonena kuti "ndinali nditasamuka" sikukwana, chifukwa lamulo limalola wosuma kutumiza mapepala ku adiresi yomaliza imene ankaidziwa. Woweruza amafuna kuona kuti mukanapatsidwa mpata mukanakhala ndi chodzitetezera nacho chomveka: mwina munali mutalipira kale, mwina ndalamayo si yolondola, mwina akauntiyo anatsegula ndi munthu wina pa dzina lanu. Amayang'ananso ngati munachita changu mutangodziwa. Mukadziwa mu Januwale n'kudzapempha mu Novembala, adzakufunsani kuti munali kuti. Ndipo chigamulo chikathetsedwa, sikuti ngongole yatha. Mlandu umabwerera poyambira, wosuma akhoza kupitiriza.

Pali njira yofatsa yopemphera set aside yomweyo. Nthawi zina wosumayo amavomera kusainirana nanu chikalata chopempha khothi kuti lithetse chigamulo, ndipo malipiro a khothi amakhala ochepa kusiyana ndi pamene mukulimbana. Woweruza ndi amene amakhalabe ndi mawu omaliza. Zoterezi kambiranani musanalipire, pamene mudakali ndi chokambirana. Funsani kaye mabungwe olangiza za ngongole monga National Debtline, StepChange kapena Citizens Advice. Onsewa salipiritsa, ndipo adzakuuzani mosabisa ngati mlandu wanu uli ndi mutu. Aliyense wa pa Facebook amene akulonjeza kuti "achotsa CCJ m'masiku 30" mukamupatsa ndalama alibe khomo lina lolowera kukhothi. Fomu imene angalembe ndi N244 yomweyo, ndipo akalembamo bodza, wosaina ndi inu.

Ngati ngongole ndi yanu, kulipira kumakugulirani chiyani

Score, nambala yoyezera mbiri yanu ya ngongole imene mumaiona pa app, ikhoza kungosuntha pang'ono, mwinanso osasuntha. Musakhumudwe nazo. Nambala imeneyo si imene banki imagwiritsa ntchito. Wobwereketsa aliyense amayang'ana zimene zili mu report n'kuziyeza ndi muyezo wake. Makampani amene kompyuta ndi imene imagamula, monga a makadi ndi mafoni, ambiri amangoona kuti pali CCJ n'kukana basi, yolipidwa kaya yosalipidwa. Koma pamene munthu weniweni amakhala pansi n'kuwerenga fayilo yanu, liwu limodzi lija limalemera. Landilodi amene akuona CCJ yaing'ono ya zaka zitatu zapitazo yolembedwa kuti inalipidwa akhoza kukumverani, makamaka ngati munamuuza nokha asanafufuze. Obwereketsa ndalama zogulira nyumba amafunsa zinthu zitatu: inali ya ndalama zingati, ndi ya liti, ndipo inalipidwa liti. Ambiri salandira n'komwe fomu ya munthu amene ali ndi CCJ yosalipidwa, ndipo ena amafuna kuti pakhale patapita nthawi chilipirireni. Choncho ngati mukulota zogula nyumba m'zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, kulipira lero kuli bwino kusiyana ndi kulipira sabata imene mukukaonana ndi broker, munthu wokufunirani ngongole ya nyumba.

Phindu lina ndi loti mumatseka khomo la mavuto. CCJ yosalipidwa imapatsa mwini ngongole mphamvu zimene analibe kale. Akhoza kutumiza ma bailiff, anthu otolera ngongole kapena kulanda katundu, pakhomo panu, ndipo iwo amawonjezera ndalama zawo pamwamba. Akhoza kupempha khothi kuti abwana anu azidula ndalama pamalipiro anu isanakufikeni, zimene zimatanthauza kuti kuofesi ya malipiro kuntchito adziwa. Ngati muli ndi nyumba yanuyanu, akhoza kumangirira ngongoleyo panyumbayo. Ndipo CCJ zina za £5,000 kapena kuposa zimabereka chiwongoladzanja cha 8 peresenti pachaka.

Kalipiridwe kake

Ndalama simulipira kukhothi. Mumalipira kwa amene anakusumirani kapena maloya ake. Ngongole zakale zimagulitsidwa kuchokera kukampani ina kupita ku ina, ndiye tsimikizani kaye kuti mwini wake lero ndi ndani. Musalipire munthu chifukwa choti wakuimbirani foni n'kutchula dzina lanu. Alembereni imelo, muikemo nambala ya mlandu, muwapemphe kuti akuuzeni polemba ndalama yonse yotsala mpaka lero, ndi akaunti yolipirako. Lipirani kudzera kubanki, ndipo pa reference mulembe nambala ya mlanduyo. Sungani sitetimenti yoonetsa tsiku ndi ndalama. Kenako apempheni kalata yonena kuti chigamulo cha nambala yakutiyakuti chalipidwa chonse pa tsiku lakuti. Kalata imeneyi ndi imene muyenera kuisamala kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Ijambuleni, muitumize ku imelo yanu, yapepalayo muiike pamodzi ndi pasipoti.

Makampani ogula ngongole amakonda kunena kuti, "Tipatseni theka, titseke nkhani." Zikhoza kukuthandizani, koma chenjerani. Kaundula wa khothi alibe malo olembapo kuti munthu analipira theka. Amangodziwa yolipidwa ndi yosalipidwa. Ndiye musanatumize ndalama, akulembereni zinthu ziwiri: kuti ndalama yotsalayo sadzakufunsaninso kapena kuigulitsa kwa wina, komanso kuti adzauza khothi kuti chigamulo chakwaniritsidwa. Akakana kulemba chachiwirichi, dziwani kuti mwagula mtendere kwa iwo, koma pa report padzakhalabe "unsatisfied" mpaka tsiku lochokera.

Ngati simungathe kulipira yonse pakamodzi, fomu ya N245 imakulolani kupempha khothi kuti muzilipira pang'onopang'ono mogwirizana ndi zimene mumapeza. Mukamasunga pangano limenelo, ma bailiff sabwera. Liwu lija lidzasintha pokhapokha mukamaliza paundi yomaliza. Chimene ndikukanizani ndi mtima wanga wonse ndi kukatenga katapila, kaya wa pa intaneti kaya wa mnzathu wapakati pathu, kuti mulipire CCJ yakale. Musadumphenso lendi kapena council tax (msonkho wa khonsolo) chifukwa cha iyo. Mudzakhala mutasinthanitsa vuto limene likupita kokatha ndi vuto latsopano limene likungoyamba kumene zaka zake 6.

Mukalipira, musaganize kuti zatha

Mwini ngongole amayenera kudziwitsa khothi kuti mwalipira, koma si onse amene amachita changu, ndipo ena amaiwaliratu. Ntchito imeneyi itengeni ngati yanu. Lemberani khothi limene linagamula, mutchule nambala ya mlandu, muikemo kalata ya umboni ija. Khothi limauza Registry Trust, iwo n'kuuza makampani atatu aja. Ngati mukufuna chikalata chogwirika choti muzionetsa kwa ejenti wa nyumba kapena broker, lembani fomu ya N443 yopempha certificate of satisfaction. Ili ndi kamalipiro kochepa.

Nanga ngati kampaniyo siikuyankha, kapena inatsekedwa? Fomu yomweyo ikuthandizani. Tumizani umboni wanu, monga sitetimenti ya kubanki. Khothi limalembera mwini ngongoleyo, ndipo akapanda kuyankha m'masiku 30, limagamula potengera umboni wanu. Apa ndi pamene mudzathokoze kuti munalipira kudzera kubanki, osati ndalama yapamanja.

Dikirani masabata angapo, kenako yang'ananinso report zonse zitatu. Zimachitika kuti ziwiri zasintha, imodzi yatsalira. Imene yatsalirayo itumizireni chikalata cha khothi n'kupempha kuti akonze. Mulinso ndi ufulu woika mawu anu ofotokoza pa fayilo, osapitirira 200, otchedwa notice of correction. Ngati CCJ inabwera nthawi imene munadwala, kapena pamene kampani imene inakubweretsani inasiya kukupatsani mashifiti, mukhoza kulemba zimenezo mwachidule. Lembani zoona zokhazokha, mopanda mkwiyo. Dziwani kuti mawu amenewa amachititsa kuti pempho lanu liwerengedwe ndi munthu m'malo mwa kompyuta, ndiye yankho limachedwerapo.

Ikatsala miyezi yochepa kuti ichoke

Funso lovuta ndi la munthu amene CCJ yake yatha zaka zisanu ndi theka. Kunena za credit report yokha, kulipira sikumupindulira zambiri, poti ichoka posachedwa ndipo sipadzatsala chizindikiro choti inalipidwa kapena ayi. Sindikubisirani zimenezo. Koma akuluakulu anati mlandu suwola. Kuchoka m'kaundula sikutanthauza kuti ngongole yakhululukidwa. Zaka 6 zikadutsa, mwini wake amafunika chilolezo cha khothi kuti atumize ma bailiff, ndipo amayenera kufotokoza chimene anachedwera, koma njira zina, monga kumangirira ngongole panyumba, sizitsekeka chifukwa cha zaka zokha. Munthu amene akukonzekera kugula nyumba aganizire zimenezi bwinobwino. Mafomu ena a ngongole ya nyumba ndi a ntchito za m'mabanki amafunsanso ngati munakhalapo ndi CCJ, osati ngati muli nayo lero, ndipo funso likabwera motero muyenera kuyankha zoona. Kwa ine, ngati ndalamayo ndi yochepa ndipo ngongole ndi yanudi, ilipireni muiwaleko. Ngati ndi yaikulu, musaimbire kampaniyo musanalankhule ndi alangizi aulere aja, kuti mudziwe pamene mwaima.

Amene muli ndi akaunti imodzi ndi amuna anu kapena akazi anu, dziwani kuti mafayilo anu ndi olumikizidwa, ndipo wobwereketsa akhoza kuyang'ana onse awiri. Kukwatirana kapena kukhala nyumba imodzi pakokha sikulumikiza. Chimene chimalumikiza ndi joint account kapena ngongole yotengera limodzi. Ngati mmodzi ali ndi CCJ, ndi bwino winayo asunge dzina lake loyera mpaka ichoke.

Pamene mukudikira tsiku lochokera, muzimanga mbiri yatsopano. CCJ ikamakalamba mphamvu yake imachepa, ndipo zimene mwachita m'zaka ziwiri zapitazi zimayamba kulankhula mokweza. Mabilu onse aziyenda pa direct debit, ndalama zizichoka zokha kubanki, kuti musadumphe ngakhale imodzi. Musamangopempha makadi apa ndi apo, chifukwa pempho lililonse limasiya chizindikiro. Gwiritsani ntchito eligibility checker, yoonera ngati angakuvomereni musanapemphe, imene siisiya kanthu kooneka kwa obwereketsa. Lembetsani m'kaundula wa ovota. Ambiri mwa ife sitidziwa kuti Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala kuno amaloledwa kulembetsa, poti Malawi ali mu Commonwealth, ndipo kaundula ameneyu ndi amene obwereketsa amatsimikizira naye kuti mumakhaladi pamene mukunenapo. Mukasamukanso, sinthani adiresi kubanki, kukampani ya foni, pa laisensi ndi pa V5C padera, ndipo lipirani Royal Mail kuti izikutumizirani makalata a kunyumba yakale kwa miyezi ingapo.